Fort Manning

Fort Manning lidali linga la asilikali a boma la Britain lomwe lidamangidwa kumadzulo kwa chigawo chapakati cha Malawi m'nyengo ya nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898. Nkhondo itatha, lingali lidasanduka likulu la boma, ndipo tawuni ndi dera lonse lozungulira zidayamba kudziwika ndi dzina lomwelo. Masiku ano malowa amatchedwa Mchinji. Lingali limakumbukiridwa kwambiri chifukwa ndi kumene Inkosi Mpezeni Woyamba adasungidwa ngati wandende kwa pafupifupi chaka chimodzi atagonja pa nkhondo.

Dzina

Lingali lidapatsidwa dzina la William Henry Manning, msilikali wa ku Britain yemwe adabadwa mu 1863 ndi kumwalira mu 1932. Manning adayamba wagwira ntchito m'gulu la nkhondo la ku India. Adafika kuno mu 1893, dziko la Malawi likutchedwa British Central Africa Protectorate. Pa nthawi ya nkhondo ya Mpezeni iye ankagwirizira udindo wa Alfred Sharpe, yemwe adali mkulu wa boma la atsamunda ku Zomba. Pambuyo pake adakhala woyang'anira wamkulu woyamba wa King's African Rifles, gulu la asilikali lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902. Adakhalanso bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913, wa Jamaica kuyambira 1913 mpaka 1918, ndiponso wa Ceylon, yomwe lero ndi Sri Lanka, kuyambira 1918 mpaka 1925.

Atsamunda ankakonda kutcha malinga awo mayina a akuluakulu awo. Fort Johnston idatchedwa dzina la Harry Johnston ndipo Fort Jameson idatchedwa dzina la Leander Starr Jameson. M'zaka zoyandikana ndi ufulu wa Malawi ndi Zambia, womwe udadza mu 1964, mayina ambiri otere adasinthidwa. Fort Johnston idakhala Mangochi, Fort Hill idakhala Chitipa, Fort Jameson idakhala Chipata, ndipo Fort Manning idakhala Mchinji, kutengera dzina la mapiri a m'derali.

Malo ndi mitsinje

Boma la Mchinji lili ndi malo okwana masikweya kilomita 3,356, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza kuti muli anthu 602,305. Tawuni ya Mchinji ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kumadzulo kwa Lilongwe, ndi makilomita pafupifupi 12 kuchokera pa chipata cha Mwami cholowera ku Zambia. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo usanafike pa boma. Pa Kamwendo ndi pamene pamapatukira msewu wa M18 wopita ku Kasungu ndi ku Nkhotakota.

Malire a Malawi ndi Zambia m'derali amatsata zitunda zomwe zimagawa madzi pawiri. Madzi otsikira kummawa amathera m'nyanja ya Malawi, pomwe otsikira kumadzulo amathera mu mtsinje wa Luangwa. Mtsinje wa Bua umayambira m'dera lokwera la Mchinji, n'kulandira madzi a mtsinje wa Rusa ndi timitsinje tina, kenako umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja. Malire otsata zitundawa adagwirizanidwa ndi Azungu okhaokha mu 1891. Mbali ya kummawa idakhala m'manja mwa boma la Britain ndipo mbali ya kumadzulo idapatsidwa kwa kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa British South Africa Company. Mzerewu udadula pakati dziko lomwe Mpezeni ankalamulira. N'chifukwa chake boma la ku Zomba lidafuna linga chakumalire kuno, pafupi ndi midzi ya Angoni koma mkati mwa gawo lake.

Angoni a Mpezeni ndi Achewa

Angoni adachoka kumwera kwa Africa m'nyengo ya nkhondo za Shaka. Gulu la Zwangendaba Jere lidawoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku lomwe kudachitika kadamsana wa dzuwa. Zwangendaba adamwalira cha m'ma 1848 m'dziko la Afipa, lomwe lero lili ku Tanzania, ndipo anthu ake adagawikana. M'mbelwa adakakhazikika kumpoto kwa Malawi. Mpezeni adabwerera chakumwera, nakhazikika cha m'ma 1870 m'dera lomwe lero muli Chipata ndi mbali ina ya Mchinji.

Derali lidali la Achewa, ndipo mfumu yaikulu yomwe Angoni adalimbana nayo idali Mkanda. Achewa ena adalowa pansi pa ulamuliro wa Angoni, ena adathawira m'mapiri, ndipo ena adamanga malinga awo. Linga la Achewa udali mudzi wozingidwa ndi khoma ladothi kapena mpanda wa mitengo, nthawi zina ndi ngalande kunja kwake. Mabwinja a midzi yamalinga yotere akupezekabe m'nkhalango ya Kasungu National Park, kumpoto kwa Mchinji. Izi zikusonyeza kuti anthu a kuno ankadziwa kumanga malinga Azungu asanamange awo.

Chuma cha Angoni chidali ng'ombe ndi anthu. Anyamata ankaikidwa m'magulu ankhondo malinga ndi misinkhu yawo, ndipo anthu ogwidwa pa nkhondo ankalowetsedwa m'mabanja a Chingoni. Chifukwa cha maukwati ndi Ansenga ndi Achewa, chilankhulo cha Chingoni chidayamba kuzilala, ngakhale kuti mfunda, magule ndi miyambo ya ufumu zidapitirira.

Chiyambi cha mkangano

Mzungu woyamba kukhala nthawi yaitali pakati pa Angoni a Mpezeni adali Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany yemwe ankagula minyanga ya njovu ndipo ankagwirizana ndi Apwitikizi a ku Tete. Mu 1890 Alfred Sharpe adafika kwa Mpezeni kuti achite naye pangano m'dzina la Britain, koma Mpezeni adakana. Mu 1891 Wiese adapeza chikalata chonena kuti Mpezeni wamupatsa ufulu pa malo aakulu ndi miyala yamtengo wapatali ya m'dziko lake. Chaka chomwecho, pa 11 Juni, Britain ndi Portugal adasayinirana pangano la malire lomwe lidaika dziko la Mpezeni kumbali ya Britain, mwini dziko osafunsidwa.

Chikalata cha Wiese chidagulitsidwa, ndipo mu 1895 kudakhazikitsidwa kampani ya North Charterland Exploration Company yoti ikafune golide m'derali. Anthu a kampaniyi adafika mu 1896 n'kumanga Fort Young pafupi ndi mudzi wa Loangweni, pakatikati pa midzi ya Angoni. Mphekesera za golide ndizo zidakoka Azungu, koma golide wochuluka yemwe ankayembekezera sadapezeke.

Pa nthawiyi mafumu ena amphamvu adali atagwa kale. Mlozi wa ku Karonga adanyongedwa mu Disembala 1895. Mwase wa ku Kasungu adagonjetsedwa kumapeto kwa 1895, ndipo Angerezi adamanga Fort Alston pamalo pake. Inkosi Gomani Woyamba wa Angoni a Maseko adaphedwa mu Okutobala 1896. Mpezeni, yemwe tsopano adali wokalamba, ankafuna kupewa nkhondo. Mwana wake Nsingo, yemwe ankatsogolera magulu a anyamata, ankaona kuti Azungu akachuluka dziko lidzapita, ndipo ankafuna kuwathamangitsa asanazike mizu.

Nkhondo ya 1898

Mu Disembala 1897 ankhondo a Nsingo adazinga Wiese ndi anzake ku Fort Young. Kampani ya Rhodes idalibe asilikali okwanira m'derali, choncho thandizo lidachokera ku British Central Africa. Gulu lomwe lidatumizidwa linkatsogoleredwa ndi Kaputeni Brake, ndipo Manning adabwera pambuyo ndi asilikali ena. Azungu m'gululi adali ochepa. Ambiri adali asilikali achikuda a Central African Rifles, makamaka Atonga ndi Ayao, pamodzi ndi Asikh ochokera ku India. Katundu, zipolopolo ndi chakudya zidanyamulidwa pamutu ndi amtengatenga.

Asilikaliwa adafika m'dziko la Mpezeni mu Januwale 1898, mvula ili mkati, ndipo adamasula anthu omwe adazingidwa ku Fort Young. Angoni adali ochuluka kwambiri kuposa adani awo, koma zida zawo zidali mikondo, zibonga, zishango zachikopa ndi mfuti zagogodera zowerengeka. Angerezi adali ndi mfuti zamakono, mizinga ing'onoing'ono ndi mfuti za Maxim zotha kulavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi. Angoni adazolowera kuthamangira mdani ali gulu limodzi kuti akamenyane naye pafupi. Pamaso pa mfuti za Maxim njira imeneyi idaphetsa anthu ambiri asanafike n'komwe pomwe padali adani.

Nkhondo idatha m'masabata ochepa. Midzi ikuluikulu idatenthedwa. Nsingo adagwidwa, adazengedwa mlandu ndi bwalo la asilikali, ndipo adawomberedwa kumayambiriro kwa Febuluwale 1898. Patangopita masiku ochepa Mpezeni adadzipereka. Ng'ombe pafupifupi 12,000 zidalandidwa, ndipo zambiri zidagulitsidwa kwa Azungu. Kwa anthu omwe ankalowola ndi ng'ombe, kulipira milandu ndi ng'ombe ndi kupereka nsembe ndi ng'ombe, kulandidwa kwa ziwetozi kudagwedeza banja lililonse.

Mpezeni ku Fort Manning

Atadzipereka, Mpezeni adatengedwa kupita ku Fort Manning. Kumeneko adali kunja kwa gawo la kampani ndiponso kutali ndi nduna zake, koma pafupi mokwanira kuti anthu ake adziwe kuti mfumu yawo ili m'manja mwa Angerezi. Adakhalako pafupifupi chaka chimodzi, kenako adaloledwa kubwerera kwawo ngati mfumu yopanda ankhondo. Adamwalira mu 1900. Ufumu udapita kwa mdzukulu wake Chiloa, mwana wa Nsingo, yemwe adali wamng'ono pa nthawiyo ndipo adadziwika kuti Mpezeni Wachiwiri.

Kugonja kwa Angoni kudatsegula njira kwa anthu ena obwera. Tawuni ya Fort Jameson idamangidwa mu 1899 ndipo idakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Pa 5 Julayi 1899 amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Mvera adatsegula mishoni ya Magwero pafupi ndi malire, ndipo kumeneko ndi kumene kudayambira mpingo wa Reformed Church in Zambia. Mu 1903 ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Kachebere kumbali ya Mchinji, komwe seminale yaikulu idatsegulidwa mu 1939.

Mamangidwe a malinga a nthawi imeneyo

Malinga omwe Angerezi adamanga m'Malawi m'zaka za m'ma 1890 sadali aakulu ngati a ku Ulaya. Poyamba ankakumba ngalande kuzungulira malo, dothi lake n'kuunjika mkati kuti likhale khoma, ndipo pamwamba ankazika mitengo. Pomwe asilikali adakhalitsa, khoma linkamangidwanso ndi miyala kapena njerwa. Mkati munkakhala nyumba ya mkulu wa asilikali, mosungira zida, nkhokwe ya chakudya ndi ndende. Nyumba za asilikali wamba ndi mabanja awo nthawi zambiri zinkakhala m'mizere pafupi ndi linga.

Posankha malo ankayang'ana zinthu zitatu: madzi osaphwa m'chilimwe, malo oti mlonda aziona patali, ndi njira yomwe anthu ambiri amadutsa. Khoma lotere likadagumuka msanga ndi mizinga, koma adani omwe Angerezi ankayembekezera adalibe mizinga. Asilikali makumi ochepa okhala ndi mfuti kuseri kwa khoma ankatha kuletsa gulu lalikulu la ankhondo a mikondo. Linga linkagwiranso ntchito ina pa nthawi ya mtendere. Mbendera, kulira kwa lipenga ndi perete wa asilikali zinkakumbutsa midzi yozungulira tsiku ndi tsiku kuti ulamuliro wasintha.

Kuchoka pa linga kufika pa boma

Nkhondo zitatha, ntchito ya Fort Manning idasintha. Malo a asilikali adasanduka malo a ofesi, bwalo la milandu, ndende ndi positi. Kumeneko ndi kumene anthu ankapereka msonkho wa nyumba. Msonkhowu unkafuna ndalama, ndipo m'midzi ndalama zidali zosowa, kotero amuna ambiri a kuno ndi a ku Fort Jameson adayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Kwa Achewa omwe ankakhala mwamantha m'mapiri ndi m'malinga, kugwa kwa Angoni kudathetsa nkhondo zofunkha ndipo adatsikira kuchigwa kukalima. Mtendere umenewu udabwera limodzi ndi msonkho ndi ntchito yokakamiza ya mtengatenga.

Mbiri imeneyi yatsala m'mawu akuti boma. Mawuwa adachokera ku Chiswahili, komwe amatanthauza mpanda kapena malo otchingidwa, monga khola la ziweto kapena linga. Popeza akuluakulu a atsamunda ankakhala mkati mwa mipanda yotere, anthu ankati akupita ku boma akamapita kukaonana nawo. M'kupita kwa nthawi mawuwa adayamba kutanthauza likulu la dera, dera lenilenilo, ndiponso ulamuliro wa dziko lonse. Pali nkhani yofala yoti mawuwa ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi, koma si zoona, chifukwa ankagwiritsidwa ntchito kugombe la kummawa kwa Africa Angerezi asanayambe kulamulira kumeneko.

Malinga ena a m'nyengo yomweyo

Fort Manning lidali limodzi mwa malinga omaliza pa mndandanda womwe udayamba mu 1891. Ambiri mwa oyambirira adamangidwa m'mbali mwa madzi, chifukwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ndizo zidali msewu waukulu wa sitima, wa malonda a minyanga ndi wa akapolo.

Fort Johnston idamangidwa mu 1891 m'mbali mwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, pafupi ndi pomwe mtsinjewu umatulukira m'nyanja. Ku Mangochi lero kuli nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria yomwe idamangidwa mu 1903, mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen yomwe idawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, ndi nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum.

Fort Maguire idamangidwa kugombe la kummawa kwa nyanja Makanjira atagonjetsedwa mu 1893. Idatchedwa dzina la Kaputeni Cecil Maguire, yemwe adaphedwa ndi ankhondo a Makanjira mu Disembala 1891.

Fort Lister idamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, pomwe pankadutsa njira ya akapolo yopita kugombe la Mozambique.

Fort Mangochi idamangidwa pamwamba pa phiri la Mangochi Mfumu Jalasi atagonjetsedwa mu 1895. Makoma ake amiyala akadalipo m'nkhalango yotetezedwa ya Mangochi.

Ku Mozambique, linga la Apwitikizi la São Tiago Maior lili m'mbali mwa Zambezi mu mzinda wa Tete.

Boma la atsamunda linkafotokoza kuti malinga ake adali othetsera malonda a akapolo, ndipo ena mwa iwo adatsekadi njira za malondawo. Nkhondo yomwe idabala Fort Manning idali yosiyana. Chomwe chidaiyambitsa chidali chikalata cha malo ndi miyala, ndipo mapeto ake adali kulandidwa kwa ng'ombe ndi kwa malo ambiri olima ozungulira Fort Jameson, omwe adasanduka minda ya Azungu.

Kusunga ndi kukumbukira

M'Malawi malo a mbiri yakale amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments. Lamuloli limaletsa kugumula, kukumba kapena kuchotsa zinthu pa malo otetezedwa popanda chilolezo. Fort Lister ndi Fort Mangochi ndi ena mwa malo otere. Mu 2011 dziko la Malawi lidawaika pa mndandanda wa malo omwe likufuna kuti bungwe la UNESCO lidzawavomereze, pansi pa mutu wa njira za akapolo ndi maulendo a David Livingstone. Ku Zambia, malo a Fort Young, omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumwera kwa Chipata, ali pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission.

Malinga akale amawonongeka m'njira zodziwika. Khoma ladothi limasungunuka ndi mvula chaka ndi chaka. Ngalande zimakwiririka zikalimidwa. Njerwa ndi miyala zimatengedwa kukamangira nyumba, ndipo mizu ya mitengo ndi moto wolusa zimang'amba makoma otsala. Malinga omwe ali m'nkhalango zotetezedwa, monga Fort Mangochi ndi midzi yamalinga ya ku Kasungu, asungika bwino chifukwa palibe amene amalima kapena kumanga pamenepo.

Pali kusiyana maganizo pa za kusunga malo oterewa. Ena amawaona ngati zizindikiro za kugonjetsedwa zomwe siziyenera kulemekezedwa. Ena amati popanda malowa ana asukulu amangowerenga za nkhondo m'mabuku, osaona pomwe zidachitikira, ndiponso kuti ndi pa malo omwewa pomwe nkhani ya Nsingo, ya asilikali achikuda ndi ya amtengatenga ingafotokozedwe mokwanira.

Angoni eni ake amakumbukira mbiriyi kudzera m'mwambo wa Ncwala, wothokoza chifukwa cha zokolola zoyamba. Mwambowu udaleka nkhondo ya 1898 itatha, ndipo udayambiranso mu 1980. Umachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata. Ku Feni kuli nyumba yosungiramo zakale yotchedwa dzina la Nsingo. Mafumu a Chingoni a ku Mchinji, monga Zulu ndi Mlonyeni, ndi a mtundu womwewo wa Mpezeni, ndipo chaka chilichonse anthu awo amadutsa pa chipata cha Mwami kukavina ingoma pamodzi ndi abale awo a ku Zambia.